Makina anga a lathe atadutsa chilimwe ndi dzinja

Achimwene ena a ku Kamwendo ku Mchinji, amene amakhoma zitseko ndi matebulo, anandiimbira foni kufunsa ngati angagule makina a lathe, osemera mitengo poizunguza, onga angawa. Akuti anawerenga zomwe ndinalemba makinawa adakali atsopano, pomwe ndinawatama kuti ndi olimba komanso osavuta. Pafonipo ndinalephera kunena kuti inde kapena ayi, chifukwa m'thumba mwanga munali lisiti la K140,000 la mmisiri amene anali atangowakonza kumene. Ndinawapempha kuti andipatse mpata ndilembe zonse bwinobwino. Ndikudziwa kuti alipo enanso amene mawu anga oyamba aja anawakopa, ndiye nawonso amve mbali yotsalayi.

Makinawa ndinagula ku Lilongwe mu Juni chaka chatha, nditagulitsa fodya wanga ku Chinkhoma. Ndi aja ochokera ku China, a chitsulo cholemera, mota yake ya mawati 750, bedi lake (chitsulo chachitali chomwe zonse zimakhalapo) lotalika mita imodzi ndi kachidutswa. Mutu wake umatheka kuutembenuza kuti uyang'ane kumbali ukafuna kusema chinthu chachikulu, chifukwa pamwamba pa bedi pamakwana cha masentimita 35 m'mimba mwake basi. Liwiro umasintha ndi handulo, kuyambira kuzungulira maulendo 500 mpaka 2,000 pa mphindi. Mtengo tinamvana K1,900,000. Ndinapereka K1,600,000 pompo, yotsalayo tinati ndidzamaliza ndikayamba kugulitsa.

Ntchito yanga ndi mitsuko ndi mabeseni akuluakulu a zidutswa zomatamata. Kuno ku Kasungu chipika chouma bwino, chopanda mphako, choti utulutsemo beseni la masentimita 45, sungachipeze wamba. Mabalani a fodya, zigafa ndi makala zinamaliza mitengo ikuluikulu kalekale, ndipo yotsalayo ili mu Kasungu National Park ndi m'nkhalango za boma monga Chimaliro, komwe si koyenera kulowako ndi nkhwangwa. Ndiye ine ndimazungulira kwa akalipentala anzanga pa boma pano kutola zotsala: timatabwa ta mlombwa, ta mbawa, ta malaina, tomwe iwo akanangosonkhera moto. Ndimadula tizidutswa, kumata mkombero, kusanja mkombero pamwamba pa unzake monga amachitira amayi oumba mbiya, kenako kukweza pa makina n'kusema. Mlombwa umapereka mtundu wakuda mofiirira, malaina amayera, mbawa ili pakati, ndipo maluwa a mtsuko amachokera pa kasanjidwe ka mitengoyi, osati pa penti.

Mkombero wa zidutswa 12 umafuna kuti nsonga iliyonse idulidwe pa madigiri 15, wa zidutswa 16 pa madigiri 11.25. Kutalika kwa kachidutswa kamodzi pa mkombero wa 12 umakupeza pochulukitsa m'mimba mwa mkomberowo ndi 0.268, ndiye mlomo wa beseni la masentimita 45 umafuna zidutswa za masentimita 12. Mtsuko wa mikombero 20 ndi zidutswa 240, chilichonse chili ndi nsonga ziwiri zoti zikumane ndi zinzake popanda mpata. Macheka akaphonya ndi kota ya digiri yokha, pa nsonga 24 za mkombero umodzi zimakwana madigiri 6, mpata woti kuwala kumadutsa. Ine ndimamata theka palokha, theka linalo palokha, kumanga ndi malegeni, zikauma n'kukwecha nsonga zake pa thabwa lomatidwa sandipepa mpaka zitakumana gwa. Posanja, mfundo za mkombero wapamwamba zigwere pakati pa zidutswa za wapansi, zisalondolane. Ndanena zonsezi kuti mumvetse kuti chinthu chikamafika pa lathe chimakhala chitadya kale masiku ambiri a munthu, ndipo makina akachiwononga, chomwe chatayika si thabwa lokha.

Zomwe zikugwira bwino sindichedwapo. Bedi silinapindike, tailstock (yogwiriziza ntchito kumapeto kwinako) imakumanabe ndi mutu pakatikati, ndipo ma bearing sanayambe kulira. Swichi yake ndi ija yoti magetsi akazima n'kubweranso, makina sadzuka okha. Mota imatentha masiku omwe magetsi abwera ofooka, koma sinapsepo. Miyendo ndi yopepuka, ndinangoikapo thabwa pansi n'kusanjapo matumba a mchenga, nkhani inathera pomwepo. Matchizulo omwe anabwera nawo sachedwa kubuntha, makamaka pa mizere ya guluu, koma amenewo aliyense amadziwa kuti ndi ongoyambira.

Vuto lili pa liwiro, ndipo lili pawiri.

Liwiro lotsikitsitsa la 500 lija ndi lalikulu kale kwa beseni la masentimita 45. Mlomo wa beseni lotere ukazungulira kamodzi wayenda mita imodzi ndi masentimita 41, ndiye pa 500 ukuthamanga makilomita 42 pa ola pafupi ndi dzanja lako. Osema ambiri amayendera lamulo loti m'mimba mwa chinthu, m'mainchi, ukachulukitsa ndi liwiro la makina, zisapitirire 9,000. Beseni langa ndi mainchi pafupifupi 18, kutanthauza kuti 500 ndi malire enieni, oyenera chinthu chomwe chasalala kale. Koma chongomata kumene chimakhala ndi ngodya 12 zotuluka pa mkombero uliwonse, guluu wouma wotsalira, ndi mbali ina yolemera kuposa inzake. Pamenepo pamafunika 200 kapena 250, zomwe makinawa alibe. Ukayatsa, malata a shedi amayamba kulira, zida za pathebulo zimayenda zokha, ndipo ine ndimaima cham'mbali kudikira kuti ndione ngati zonse zagwira. Ndinazolowera kuyamba ndadula ngodyazo ndi macheka n'kuzipala ndisanakweze pa makina. Zimathandiza, koma ndi ntchito yomwe makina abwino akanandichotsera. Mitsuko yaitali ndiye sindiyerekeza n'komwe kuisemera kumbali. Ndimaisunga mkati mwa masentimita 30, pamwamba pa bedi, ndipo ndinaowotcheretsa chogwiriziza cha mateyala atatu choti chiziigwira pakhosi.

Chachiwiri ndi chomwe chandidyera ndalama. Mkati mwa mutu muli ma pulley (mawilo oyendamo lamba) awiri, ina pa mota, ina pa shafti yomwe imazunguza ntchito. Iliyonse ndi zipande ziwiri zoyang'anizana, lamba n'kudutsa pakati. Ukakankha handulo zipande za kushafti zimayandikana kapena kutalikirana, za kumota zimatsatira ndi sipuling'i, lamba amakwera kapena kutsika, liwiro n'kusintha. Nzeru yake ndi yabwino, ndipo miyezi yoyamba ndinkasangalala nayo chifukwa suchita kuima kuti usunthe lamba ndi manja. Koma ili ndi lamulo limodzi: handulo usaisunthe makina ali chiimire.

Tsono taganizani za kuno kwathu. Uli pa 1,500, ukusalaza kachivundikiro ka mtsuko, magetsi azima. Handulo yatsalira pamwamba. Akabwera usiku kapena mawa lake, chomwe chikudikira kukwera ndi beseni lalikulu. Kutsitsa liwiro kumafuna kuti zipande za kushafti zimufinye lamba n'kumukankhira kunja, ndipo lamba wosayenda sakankhika. Ukakakamiza, chomwe chimagonja ndi pulley. Ukayatsa beseni lili pomwepo pa 1,500, mlomo wake uli pa makilomita opitirira 120 pa ola, ndipo mfundo imodzi yokha itamasuka, zidutswazo zitha kumuvulaza munthu koopsa. Choncho nthawi zonse ndimayamba ndayatsa makina opanda kanthu, kutsitsa handulo mpaka pansi, kuzimitsa, kenako kumanga ntchito. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ndinachita kumulembera ndi choko pakhoma, pamwamba penipeni pa swichi, ndipo tsiku lililonse ndimamufunsa ngati waona pomwe handulo ili. Chinthu choti chimadalira kuti munthu asaiwale ngakhale kamodzi, ine sindichiyesa chotetezeka.

Mu Okutobala, fumbi la ku Kasungu litafika pachimake, handulo inayamba kulimba. Mota ya makinawa ili pafupi ndi pomwe utuchi umagwera, ndipo imaukoka. Utuchi wosalala uja ukasakanikirana ndi girizi pa shafti, chipande choyenda cha pulley chimakakamira. Chikakakamira lamba amakhala wolobodoka, ndiye ukangoikapo tchizulo beseni limachepetsa liwiro, lamba akuterera, fungo la mpira wopsa lili m'shedi monse. Ndinayamba kutsegula chivundikiro Loweruka lililonse, kupopa fumbi ndi pampu ya njinga, kupukuta shafti n'kudonthezapo mafuta opepuka. Zimakhala bwino masiku angapo, kenako zayambiranso. Malamba ndiye asiyeni. Saizi yake pa boma pano sipezeka, a galimoto omwe amafanana nawo kutalika sakhalitsa, ndipo weniweniyo ndimachita kuitanitsa ku Lilongwe pa K18,000, kuwonjezapo ya kondakitala wa minibasi yemwe wanditengera.

Mu Febuluwale ndinali ndi oda ya mabeseni a chopereka a mpingo wina wa ku Mtunthama. Ndili pa beseni lachiwiri, mkati mwake ndinayamba kuona timizere tonga mafunde, tomwe sindinkatha kutichotsa ngakhale nditanola tchizulo kangati. Masana sitinkaoneka bwino, koma ukaunika ndi tochi cham'mbali, kapena kuyendetsa chala pang'onopang'ono kuchokera pakati kupita kumlomo, umatimva tonse. Ndinayang'ana masikuluu a faceplate, chitsulo chomwe timamangirapo ntchito, olimba. Ndinagwedeza shafti, njii. Kenako mutu unayamba kulira gwedegwede ndikatsitsa liwiro. Nditatsegula ndinapeza chipande choyenda chija chitadyeka mkati, mpata wa kiyi (kachitsulo kogwiritsa pulley ku shafti) utakula, ndipo mng'alu utayamba kuchokera pamenepo kupita kumlomo. Chitsulo chake ndi chopepuka, chotuwa, choti mpeni umachikanda. Makina onse ndi chitsulo cholemera, koma kachinthu komwe kamanyamula mphamvu yonse ya mota anakapanga ndi chofewa. Wowotcherera wa pano atachiona anakana, anati chitsulo chotere chimangosungunuka. Ndinachitengera ku Lilongwe kwa mmisiri wa makina osema zitsulo, amene anandipangira chipande china n'kuikamo bushi ya mkuwa. Ndiye K140,000 ija, osawerengera mayendedwe. Makina anakhala osagwira pafupifupi mwezi, ndipo a mpingo aja ndinachita kukawapepesa ndekha. Anandimvetsa, koma beseni lachiwiri lija ndinalimaliza lopyapyala kuposa anzake chifukwa chochotsa mafundewo.

Chipande cha mmisiriyu mpaka pano chikuyenda bwino kuposa cha kufakitale. Koma zitatu zotsalazo ndi zomwe zija, ndipo ndikudziwa kuti tsiku lake likubwera.

Achimwene aja anafunsanso zomwe ndimapaka, poti anaona chithunzi cha mtsuko wina. Apa ndiye pali nkhani yomwe yandikondweretsa, ndipo sindinkaiyembekezera.

Mu Seputembala ndinapanga mitsuko iwiri ya mitengo yofanana, mlombwa ndi mizere ya malaina. Wina unali wa bambo ena a shopu pa boma pano, omwe ananenetsa kuti akufuna wonyezimira woti munthu azidziona nkhope. Ndinaupaka vanishi wa polyurethane ndi bulashi, katatu, wokhuthala monga anafunira. Winawo unatsala kunyumba, ndipo ndinaupaka zosakaniza zanga: gawo limodzi mafuta a linseed aja owiritsa, gawo limodzi vanishi yemweyo, gawo limodzi tapentaini. Umapaka ndi kansanza, kudikira mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, kenako kupukuta zonse zotsala pamwamba mpaka dzanja lisamamatire. Ukasiya tsiku limodzi kapena awiri ubwerezanso, kanayi konse, pomaliza phula la njuchi pang'ono n'kukwecha ndi nsalu. Tsiku lomwe ndinamaliza, aliyense wolowa m'shedi ankathamangira wa vanishi uja. Wangawu unkaoneka wofatsa, ena mpaka ankafunsa ngati ndamaliza kale.

Mu Malichi bambo aja anandiitana kuti ndidzaone mtsuko wawo. Pa mfundo iliyonse pomwe mlombwa wakumana ndi malaina panali kamzere, ukayendetsa chikhadabo chimakodwa. Pena vanishi anali atang'ambika pang'ono n'kuyera m'mphepete. Mtsuko sunamasuke, guluu anagwira ndithu, koma kunyezimira komwe anaugulira kuja n'komwe kunkaonetsa chilema chilichonse. Chimachitika n'chakuti thabwa, ngakhale louma, limamwa chinyezi cha mumpweya m'dzinja n'kutupa m'lifupi mwake, m'chilimwe n'kubwerera. Mtengo uliwonse uli ndi muyeso wake. Mlombwa suyenda kwambiri, n'chifukwa chake akalipentala amaukonda pa zitseko. Malaina amachedwa kuuma mkati, bulugama ndiye amayenda koposa. Guluu woyera wa matabwa uja saumiratu gwa, amalola mfundo kusuntha pang'ono. Kusunthako n'kochepa kwambiri, koma vanishi wokhuthala ndi chikopa chimodzi choyala pamwamba pa zidutswa mazana awiri zomwe chilichonse chikukoka kwake. Ndipo kumukonza ndi ntchito, chifukwa uyenera kukwecha yense mpaka pathabwa, pomwe mtsuko unachoka kale pa faceplate ndipo pansi pake panamalizidwa.

Nditabwerera kunyumba ndinautenga wanga uja, womwe unakhala dzinja lonse pa shelefu pafupi ndi zenera, ana akuugwiragwira. Mfundo zake nazonso zinkamveka pang'ono ku chala, koma panalibe chong'ambika kapena choyera. Unangozirala. Ndinaukwecha mopepuka ndi sandipepa wosalala wa nambala 400, kupakanso kamodzi, kupukuta, ndipo tiyi asanazizire unali utabwerera mwakale, mlombwa utadetsa bwino kuposa poyamba. Mafutawa amalowa m'thabwa, chotsala pamwamba ndi chopyapyala, ndiye thabwa likamayenda iwo amayenda nalo. Palinso mwayi wina pa ntchito ya zidutswa: kuzungulira mtsuko wonse thabwa limaonetsa mbali yake, osati kumutu komwe kumamwa mafuta ngati sikukhuta, choncho amalowa mofanana paliponse popanda mawanga.

Sindikunena kuti alibe chilema. Linseed amasandutsa malaina achikasu pakapita miyezi, ndiye ngati mukufuna mizere yoyera mbee muyambe mwapaka sanding sealer (mankhwala otseka timabowo ta thabwa), koma osati tsiku lamvula chifukwa amachita mtambo woyera. Sealer yemweyo amathandizanso pa vuto lina lomwe limapweteka mtima: pokwecha, fumbi lofiira la mlombwa limalowa m'timabowo ta malaina, mzere woyera n'kusanduka wauve. Ine ndimayesetsa kumaliza ndi tchizulo chakuthwa kuti sandipepa agwire ntchito yochepa, kuyambira 120, 180, 240 mpaka 320, ndipo pakati pa aliyense ndimapopa fumbi lonse. Kukwecha kukhale pa liwiro lotsika, chifukwa kutentha kumafewetsa guluu. Apanso makinawa amandilaka, poti 500 pa mlomo wa beseni lalikulu amatenthetsa sandipepa mpaka chala chimapsa. Fumbi la mlombwa limayabwa m'mphuno, muzivala chotchinga.

Mkati mwa mtsuko muzipakamonso, kuti chinyezi chizilowa mofanana mbali zonse. Koma mtsuko wa kukamwa kochepa mkati ndimaikamo sealer yekha, chifukwa mafuta m'malo osapita mphepo amachedwa kuuma ndipo fungo limakhalitsa. Pansi ndimaika kathabwa kosapitirira masentimita 10, poti thabwa lalikulu lamphumphu likatupa limang'amba mkombero woyamba. Mbale zoikamo chakudya sindipaka linseed wowiritsayu, chifukwa amathiramo mankhwala oumitsa. Ndimagula liquid paraffin ku famase n'kusungunuliramo phula la njuchi, magawo anayi ku limodzi. Mafuta ophikira a mpendadzuwa kapena a mtedza, ngakhale tili nawo ambiri kuno, musayerekeze: sauma, ndipo pakapita nthawi amanunkha. Wogula aliyense ndimamuuza kuti mtsuko wamtengo sathiramo madzi, akafuna maluwa amoyo aikemo botolo. Ndipo chonde, nsanza zomwe mwapakira linseed musaziunjike pakona. Zimatentha zokha pouma mpaka kuyaka, ndipo m'shedi ya utuchi moto wotere suzimitsika. Ziyanikeni panja imodziimodzi kapena ziviikeni m'ndowa ya madzi.

Anthu kuno amakonda zonyezimira, ndipo sindiwanena, ndalama ndi yawo. Panopa wofuna kuwala ndimamupakira vanishi wosungunula ndi tapentaini theka ndi theka, wa pansanza, kambirimbiri koma mopyapyala. Ndipo ndimamuonetsa kaye mitsuko iwiri ija, popeza wa bambo aja ndinausinthanitsa ndi wina n'kuusunga.

Tsono makinawa ndi abwino kapena ayi? Tsiku lomwe mtsuko watsika pa makina uli wosalala, mizere yake itakumana bwino kuzungulira konse, ndimaiwala zonse ndipo ndimati ndinagula bwino. Popanda iwo zidutswa zija zikanakhala phulusa, ndipo ine ndikanakhalabe ndikudikira fodya chaka ndi chaka. Tsiku lomwe ndikununkhiza lamba wopsa, oda ili pakhosi, ndimalakalaka ndikanapita kwa owotcherera kuti andipangire okha makina a shafti yokhuthala ndi ma pulley a masitepe, oipa m'maonekedwe koma otha kutsika mpaka 200. Ndikawerengera mofatsa, zomwe ndagulitsa chigulireni zadutsa theka la mtengo wa makinawa, nditachotsa guluu, sandipepa ndi zopaka. Malamba, chipande chija ndi mwezi womwe ndinakhala chabe zandibweza m'mbuyo ndithu. Mankhwala ake enieni ndikuwadziwa: kuchotsa ma pulley oyendawa n'kuika mota ya three phase ndi inverter yoti liwiro uzitsitsa ndi kabatani, apo ayi kuwonjezera shafti yapakati yochepetsa liwiro. Zonsezi ndi ndalama ina pamwamba pa K1,900,000.

Ndiye achimwene, yankho langa ndi ili. Ngati ntchito yanu ndi miyendo ya matebulo ndi ya mabedi, gulani. Mtengo wa masentimita 6 kapena 8 suvuta mota, liwiro mungoliika pamodzi tsiku lonse, ndipo ma pulley sadzavutika ngati angawa. Koma ngati mtima wanu uli pa mabeseni akuluakulu, makinawa si ake, kaya wogulitsa anene chiyani. Mukagula, musachoke m'shopumo opanda malamba awiri apadera ndi pulley yapadera m'manja, ndipo zomwe galanti ikukhudza azilembe chimodzichimodzi pa lisiti.

Ndatchula zimenezi chifukwa cha momwe tayendera ndi amene anandigulitsa. Tsiku logula ndinawaonetsa zithunzi za ntchito yanga, ndinawauza kukula kwake. Iwo anati, "Bwana, awa ndi a ntchito yolemera, mutu mungotembenuza basi. Masipeya onse tili nawo." Pa lisiti analemba galanti ya miyezi 12. Pulley itasweka ndinawatumizira chithunzi pa WhatsApp tsiku lomwelo. Anayankha patapita masiku, kuti pulley ndi lamba ndi zinthu zotha ndi ntchito, galanti ndi ya mota yokha. Nditafunsa chifukwa chomwe sanalembere choncho pa lisiti, anasintha nkhani, ati musadandaule akulu, sipeya ili m'njira, katundu ali pa doko la Beira. Mwezi wotsatira ati vuto ndi ndalama zakunja. Zimenezo sinditsutsa. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense woitanitsa katundu kunja akulira, ndipo akanandiuza poyera kuti sipeya palibe ndikanathamangira kwa mmisiri msanga, osataya masabata ndikudikira. Chomwe chinandiwawa n'chakuti nthawi yonseyi sanandiimbirepo okha ngakhale kamodzi, kupatula pokumbutsa K300,000 yawo.

Kenako ndinamva kuti akumauza ofuna kugula kuti kuli mmisiri wina ku Kasungu amene akupangira mabeseni akuluakulu pa makina omwewa ndipo sakudandaula chilichonse, mpaka kumawaonetsa zithunzi za ntchito yanga. Apo ndiye ndinakwera minibasi. Tinalankhulana mwaulemu, sitinakwezerane mawu. Ndinaika chipande chosweka chija pa kauntala, pambali pake lisiti lawo ndi la mmisiri. Anachitembenuza, anavomera kuti chitsulocho ndi chofewa, koma anati iwo sapanga makina, amangogulitsa. Ndinati n'zoona bwana, koma galanti munalemba ndinu, ndipo dzina langa mukugulitsira ndinu.

Dzulo ndawatumizira K160,000 pa foni, ndi uthenga woti K140,000 yotsalayo inapita kwa mmisiri. Ayankha kuti angachotse K70,000 yokha n'kuwonjezapo malamba awiri. Malambawo ndavomera. Ndawauza kuti K70,000 inayo ndidzapereka tsiku lomwe pulley yatsopano idzafike m'manja mwanga, ndipo kufikira pamenepo zithunzi za mitsuko yanga azichotse mu foni yawo ndipo asanditchule kwa wogula aliyense.